Abwana alemba kuti dongosolo langa ndi “naive”: kodi andinyoza?

Funso: Ndangoyamba kumene ntchito ku bungwe lina lothandiza magulu a banki m'khonde. Ndinalemba dongosolo la kabwezedwe ka ngongole, ndipo ndinawerengera kuti mayi aliyense azibweza ndalama yofanana mwezi ndi mwezi kwa chaka chonse. Abwana anga anabweza pepalalo atalemba m'mbali kuti: “Good idea, but the repayment plan is rather naive.” Mnzanga akuti amenewo ndi mawu aulemu onena kuti ndine wopusa. Koma sabata yomweyo ndinamva mlendo wina akuyamikira chithunzi chojambula pamanja kuti chili ndi “lovely naive style”. Zingatheke bwanji liwu limodzi kukhala chitonzo komanso chiyamikiro? Limatchulidwa bwanji, nanga timadontho tiwiri timene ena amaika pamwamba pa i n'tachiyani? M'Chichewa tingati chiyani?

Yankho: Achemwali, mtima ukhale m'malo, abwana anu sanakuneneni kuti ndinu wopusa. Chingerezi sichisowa mawu onyozera nzeru za munthu. Pali *stupid*, pali *foolish*, pali *dull*, ndipo wofuna kukutonzani akanatola limodzi mwa amenewo. Liwu limene anasankhali silikhudza kukula kapena kuchepa kwa nzeru. Limanena za munthu, kapena za ganizo, limene silinakumanebe ndi dziko mmene lilili. Munthu atha kukhala nambala wani m'kalasi kuyambira sitandade 1 mpaka ku yunivesite, n'kukhalabe *naive* pa nkhani ya ngongole, chifukwa sanakongozepo munthu n'kuona mmene nkhope imasinthira tsiku lobweza likafika.

Taonaninso pamene liwulo lakhala. Sanalembe kuti “you are naive”. Anayamba avomereza kuti ganizo lenilenilo ndi labwino, kenako chilemacho anachiika pa pepala, osati pa inu. Masamu anu ndi olondola ndithu. Koma Januwale ndi Febuluwale safanana ndi Meyi ndi Juni. M'miyezi ya njala nkhokwe zimakhala zili mbee, chimanga chakwera mtengo, kandalama kamene kanalipo kapita ku fetereza, ana akufuna fizi ya teremu yachiwiri, malungo nawo avuta chifukwa cha mvula. Maliro sapangana ndi munthu. Ndipo pa gulu la amayi makumi awiri sipalephera mmodzi amene ndalama yake ya geni idzathera m'manja mwa bambo a kunyumba. Dongosolo losawerengera zimenezi ndi limene Mngerezi amaliti *naive*: latenga kuti njira ndi yosalala, aliyense adzachita zimene analonjeza, ndipo palibe chimene chidzagwe pakati.

Kaliwu kakuti *rather* kasakugonetseni tulo tabodza. Angerezi a ku Britain, amene kalembedwe kawo maofesi athu ambiri anatengera, amakonda kufunditsa mawu olimba kansalu kofewa: *rather*, *a bit*, *somewhat*. Mawuwo amamveka aulemu, koma mwini wake akutanthauza kuti pepalalo likonzedwe. Choncho mnzanu uja sanaphonye kotheratu. Ndi chidzudzulo ndithu. Chimene walakwitsa ndi mtundu wa chidzudzulocho.

Kuti liwuli limatha kuyamikira komanso kudzudzula, gwero lake lili m'mbiri yake. Angerezi analibwereka ku Chifalansa m'zaka za m'ma 1600. Afalansa ali nalo pawiri: *naïf* pokamba za mwamuna, *naïve* pokamba za mkazi. Chingerezi sichisiyanitsa zimenezi, ndiye anangotenga lachikazilo n'kumaligwiritsa ntchito pa aliyense. Lachimuna lija limaonekabe apo ndi apo m'zolemba za ophunzira kwambiri, kawirikawiri ngati dzina la munthu wosadziwa za dziko, *a naif*. Afalansa nawo analitenga ku Chilatini, ku liwu lakuti *nativus*, kutanthauza chachibadwa, chimene munthu wabadwa nacho. Ndiye kuti *naive* ndi *native* ndi ana a bere limodzi, ndipo *nature*, *nation* ndi *nativity* ndi abale awo. Poyambirira, chinthu cha *naive* chinali chimene chili mmene chinabadwira, chosakometsedwa, chosaphunzira kudzionetsera. Pamenepo panalibe chitonzo chilichonse.

Vuto ndi lakuti chimene chili mmene chinabadwira sichinaphunzirenso kudziteteza. Mwana amene sadziwa kunama sadziwanso kuti ena amanama. N'chifukwa chake mawu onena za mtima woyera amakonda kutsetsereka mpaka kukathera ku uchitsiru. Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi *silly*. M'Chingerezi chakalekale liwuli linkatanthauza wodala. Patapita zaka linayamba kutanthauza wosalakwa, kenako womvetsa chisoni, ndipo lero ndi wopusa basi. *Simple* nalo limatha kunena za munthu wosadzikweza kapena za munthu amene mutu sukoka. Ifenso tili nazo. Tikamati “ndi munthu wofatsa” timayamikira, koma tikati “koma ndiye wafatsitsa” tikutanthauza kuti anthu amudyera masuku pamutu. *Naive* latsetsereka mpaka pakati pa phiri n'kuima pamenepo, ndipo n'chifukwa chake mukulimva uku likukoma, uku likuwawa.

Tibwere ku katchulidwe, chifukwa apa ambiri amapunthwa. Liwuli limatchulidwa pawiri, ndipo mphamvu ili kumapeto: na-IIV, kapena nai-IIV. Zonse ziwiri n'zovomerezeka. Cholakwika ndi kulitchula kamodzin'kamodzi ngati neiv. Mukatero, womva amamva *knave*, liwu lakale lotanthauza tambwali, munthu wachinyengo, chimene chili chosemphana kotheratu ndi zimene mumafuna kunena.

Timadontho tija tinaikidwa pofuna kupewa zomwezo. Angerezi amatitcha *diaeresis*, Afalansa amati *tréma*, ndipo ntchito yake ndi kuuza wowerenga kuti malembo awiri ogundanawo atchulidwe lililonse palokha. M'Chifalansa, a ndi i zikatsatana zimamveka ngati e mmodzi. Liwu lawo lakuti *mais*, lotanthauza koma, amalitchula kuti me. Mukaika timadontho n'kulemba *maïs*, amati ma-is, ndipo tsopano mukunena chimanga. Timadontho tomweto mumationa m'maina monga Noël, Zoë ndi Chloë. Ife vuto la malembo ogundanali tinalithetsa mwa njira ina. M'mabuku akale mupeza “mau” ndi “mai”, pamene lero timalowetsa w kapena y pakati n'kulemba “mawu” ndi “mayi”.

M'Chingerezi cha lero, *naive* ndi *naïve* zonse n'zolondola. Nyuzipepala zambiri zinasiya timadonthoto, ngakhale magazini ya The New Yorker imatchuka ndi kuumirira pa ito, mpaka kulemba *coöperate*. Mukafuna kutilemba pa foni, dinikizani chilembo cha i kwa kanthawi ndipo ï aoneka. Dzina lochokera ku liwuli lili ndi maonekedwe awiri. Ku Britain amakonda *naivety*, pamene ku America amakonda lachifalansa lija, *naïveté* kapena *naiveté*, limene mphamvu yake ili kumapeto, na-iiv-TEI. Kwa ife amene sukulu zathu zimatsata kalembedwe ka ku Britain, *naivety* ndiye losavuta. Sankhani limodzi, ndipo musasinthesinthe m'kalata imodzi.

Tsopano anansi ake a liwuli, chifukwa tanthauzo la liwu limaoneka bwino mukaliimika pafupi ndi anzake. Tengani uthenga uja umene ambiri tinalandirapo pa foni, wonena kuti mwawina mphoto koma muyambe mwatumiza ndalama pang'ono pa nambala yakutiyakuti. Agogo amene angogula kumene foni, ndipo pa moyo wawo wonse sanamvepo kuti munthu angabe osakuona nkhope, akatumiza ndalamayo tingati anali *naive*. Koma munthu amene anaberedwapo kawiri mwa njira yomweyo, n'kutumizanso kachitatu, salinso *naive*. Ameneyo ndi *gullible*, wopusitsika msanga, amene aliyense angamukoke ndi mphuno. *Gullible* ndi chilema cha khalidwe, ndipo sililowa m'chiyamikiro ngakhale pang'ono. *Naive* limanena za msinkhu umene munthu ali pa nkhani inayake, ndipo msinkhu umadutsa.

*Innocent* lili mbali inayo. Linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza wosavulaza, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kunena kuti munthu alibe mlandu, monga m'khoti. Likanena za mwana kapena za munthu wosadziwa zoipa za dziko, limanena mwachikondi. Umboni wake uli m'maina athu omwe: a Innocent alipo ambiri m'midzi ndi m'matauni mwathu, koma palibe kholo limene lingatche mwana wake kuti Naive. *Ignorant* ndi mbuli, wosadziwa mfundo inayake, ndipo m'makutu a Mngerezi ndi liwu lolemera. Munthu wa *naive* kawirikawiri mfundo amazidziwa bwinobwino, chimene chamusowa ndi kudziwa anthu.

Pali liwu lina limene ndimalikonda, ngakhale silimvekanso kawirikawiri: *ingenuous*. Ili ndiye lapafupi kwambiri ndi tanthauzo loyamba lija, la munthu wolankhula zakukhosi popanda kubisa. Kwa Aroma, *ingenuus* anali mfulu, munthu wobadwa wosakhala kapolo, amene analibe chifukwa chozembera mawu poopa mbuye. Chenjerani nalo pawiri. Choyamba, musalisokoneze ndi *ingenious*, limene limasiyana nalo chilembo chimodzi chokha koma limatanthauza waluntha, wotulukira njira zatsopano. Chachiwiri, mwana wake, *disingenuous*, ndiye amamveka kwambiri masiku ano, makamaka m'ndale ndi m'makhoti, ndipo ndi liwu lobaya. Limanena za munthu amene akudziwa koma akunamizira kusadziwa. Wina akakulemberani kuti yankho lanu ndi *naive*, akuti simunaone. Akalemba kuti ndi *disingenuous*, akuti munaona koma mukubisa. Pa awiriwa, loyamba ndi limene munthu angalandire n'kugona tulo.

Za chithunzi chija, mlendoyo ankagwiritsa ntchito dzina lodziwika la mtundu wa zojambula, *naive art*. Ndi zojambula za anthu amene sanapite kusukulu ya luso lojambula, zimene sizitsata malamulo a kutalika ndi kufupika kwa zinthu, kapena a mthunzi ndi kuwala, koma zili ndi mitundu yowala ndi mphamvu yakeyake. Wotchuka kwambiri ndi Henri Rousseau wa ku France, amene anabadwa mu 1844 n'kumwalira mu 1910. Ankagwira ntchito yotolera msonkho wa katundu wolowa mumzinda wa Paris, ndipo anajambula nkhalango zowirira, akambuku ndi mikango, chonsecho sanatulukepo m'dziko la France. Zomera ankakaziona kumunda wa zomera wa mumzindamo. Ambiri ankamuseka, koma Pablo Picasso anamukonzera phwando laulemu mu 1908, ndipo lero zithunzi zake zili m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo zaluso. Ku America kunali Grandma Moses, mayi wa pafamu amene anayamba kujambula mwakhama ali ndi zaka za m'ma 70, n'kukhala ndi moyo mpaka zaka 101. Kufupi ndi kwathu kuno, Edward Saidi Tingatinga anayamba kujambula nyama ndi mbalame ku Dar es Salaam mu 1968, pogwiritsa ntchito penti wa njinga pa timatabwa, ndipo ngakhale anamwalira mu 1972, kajambulidwe kake kakupitirirabe m'dzina lake.

Ndiye mlendo uja ankayamikira, ndipo sindikukayika kuti ankanena zochokera mumtima. Komabe ine chiyamikiro chimenechi ndimachimva ndi khutu limodzi lotsegula bwino. Pamalonda a zaluso liwuli lakhala likumatidwa pa ojambula a mu Africa mosasankha, ngakhale pa amene anaphunzira luso lawo kwa zaka zambiri pansi pa mmisiri wina. Mnyamata amene amajambula mitu ya mameto pakhoma la ometa tsitsi, kapena nsomba ndi mabotolo pa golosale, amadziwa chimene akuchita. Anasankha kukulitsa mutu kuti mameto aoneke patali. Kumutcha *naive* n'kumulanda chisankho chimenecho, ngati kuti kukongolako kunangomugwera. Mukafuna kunena za munthu wodziphunzitsa yekha popanda mchira umenewu, *self-taught* ndi liwu loyera.

Koma malo amene tanthauzo lenileni la liwuli limaonekera poyera, opanda chitonzo kapena chiyamikiro, ndi kuchipatala. Tsiku lina ndinali pa maphunziro a azaumoyo pamene mnyamata womasulira anakumana ndi mawu akuti “ART-naive patients” (ART apa ndi chidule cha chithandizo cha mankhwala a HIV) n'kunena kuti odwala osazindikira za mankhwala. Anamwino achikulire amene anali m'chipindamo anagwedeza mitu kukana, ndipo anali ndi chifukwa. M'chinenero cha madokotala, *treatment-naive* ndi wodwala amene sanamwepo mankhwala a mtundu umene ukukambidwawo. *ART-naive* ndi munthu amene ali ndi HIV koma sanayambepo kumwa ma ARV. Atha kukhala pulofesa wodziwa dzina la mankhwala alionse, koma thupi lake silinakumane nawo. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa kachilombo ka m'thupi la munthu amene anamwapo mankhwala n'kusiya kamatha kukhala katapima, ndiye dokotala amayenera kudziwa asanasankhe mankhwala oti apereke.

Chimodzimodzi pa malungo. Munthu wamkulu amene anakulira ku Nsanje kapena ku Nkhotakota, kumene udzudzu suchoka, thupi lake linalimbanapo ndi malungo kambirimbiri ndipo lili ndi chitetezo china ndithu, ngakhale chosakwanira. Mlendo wochokera ku Norway amene sanadwalepo malungo amatchedwa *malaria-naive*, ndipo akamugwira amatha kumufikitsa pangozi msanga. Ndipatuke pang'ono: abale athu amene akhala zaka zambiri ku London kapena ku Dublin chitetezo chija chimachepa, choncho akamabwera kudzaona kumudzi asamanyozere mankhwala oteteza ndi neti. M'magazi mwathu momwemo muli asilikali a thupi amene akatswiri amawatcha *naive T cells*, kutanthauza amene sanakumanebe ndi mdani amene anapangidwira kulimbana naye. COVID-19 itabuka, akatswiri ankati anthu a padziko lonse anali *immunologically naive* ku kachilomboko, popeza kanali katsopano kwa aliyense.

Tsono taonani liwu limene madokotala amagwiritsa ntchito ponena za wodwala wa mbali inayo, amene anamwapo kale mankhwala. Amati *treatment-experienced*. Sanena kuti *clever* kapena *intelligent*. Chotsutsana ndi *naive* ndi *experienced*, wodutsamo, wokumana nazo. Mukasunga chimenechi, simudzasokonezekanso kulikonse kumene mungalipeze liwuli.

A makompyuta nawo ali nalo. *Naive solution* ndi njira yoyamba kubwera m'mutu, yolondola koma yochedwa, monga kufufuza dzina m'kaundula poyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Palinso njira yowerengera yotchedwa Naive Bayes, imene yagwira ntchito kwa zaka zambiri yosefa makalata achinyengo pa imelo. Inapatsidwa dzinali chifukwa imatenga liwu lililonse la m'kalata ngati losadalira linzake, zimene si zoona, komabe imagwira ntchito bwino.

Kumene liwuli limaluma kwenikweni ndi m'ndale. Pa 30 Sepitembala 1938, nduna yaikulu ya Britain, Neville Chamberlain, inabwerera kuchokera ku Munich itagwirizana ndi Adolf Hitler kuti Germany itenge chigawo china cha Czechoslovakia, ndipo inauza anthu kuti yabweretsa mtendere. Mu Malichi 1939 asilikali a Germany analowa mu Prague, likulu la Czechoslovakia, ndipo pofika Sepitembala chaka chomwecho nkhondo inali itayamba. Kuyambira pamenepo, dzina la Chamberlain limatchulidwa kawirikawiri anthu akafuna chitsanzo cha mtsogoleri wa *naive*, wokhulupirira siginecha ya munthu wosayenera kumukhulupirira. Mu Julayi 2007, Barack Obama atanena pa mtsutso kuti angakumane ndi atsogoleri a maiko monga Iran, Cuba ndi North Korea popanda kuika zoyenera kukwaniritsa kaye, Hillary Clinton, amene ankapikisana naye pofuna kuimira chipani chawo pa chisankho cha pulezidenti wa America, anati maganizowo anali “irresponsible and frankly naive”. Sanamutche woipa kapena wopanda nzeru. Anangomuika pa mpando wa mwana, iye n'kukhala pa mpando wa wamkulu, ndipo imeneyo ndiye ntchito imene liwuli limagwira pa mkangano.

Apa ndikufuna mundimvetsetse, achemwali, chifukwa muli kumayambiriro kwa ntchito ndipo liwuli mudzalimvanso. Si aliyense wokuuzani kuti “don't be naive” amene akukufunirani zabwino. Kalaliki wachinyamata akakana kusainira katundu amene sanafike, kapena kulandira alawansi ya msonkhano umene sunachitike, amauzidwa mawu omwewa, n'kuwonjezera kuti mbuzi imadya pamene aimangirira. Pamenepo liwuli lasanduka chotsekera pakamwa. Kukana kuba si kusadziwa dziko. Munthuyo dziko walidziwa, ndipo wasankha. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi: funsani wonenayo kuti atchule chimene mwasiya osawerengera. Akatha kuloza kuti mwaiwala miyezi ya njala, kapena kuti mitengo idzakwera, ameneyo ndi wakutsina khutu, musungeni. Akangoti “ndi mmene zimakhalira kuno”, osatchula kanthu, dziwani kuti chimene chikumusautsa si kusadziwa kwanu.

Nanga m'Chichewa tingati chiyani? Liwu limodzi lokwana ponseponse palibe, ndipo womasulira wabwino salifunafuna. Amene anayandikira kwambiri ndi omasulira Buku Lopatulika. Pa Miyambo 14:15, Baibulo la Chingerezi la King James la mu 1611, limene linatuluka liwu lathuli lisanalowe m'Chingerezi, limati “the simple”. Baibulo lina la m'zaka zaposachedwa, New American Standard, pamalo omwewo limati “the naive”. Lathu limati wachibwana, amene akhulupirira mawu onse, pamene wochenjera asamalira mayendedwe ake. Kusankha kumeneku n'kwanzeru, chifukwa chibwana chili ndi mwana mkati mwake monga mmene *naive* lilili ndi kubadwa mkati mwake. Koma pakamwa pathu lero chibwana chimalemera kuposa pamenepo. Tikati munthu akuchita zachibwana, timatanthauza kuti akuseweretsa zinthu zofunika, alibe nazo ntchito. Inu simunaseweretse ntchito yanu. Munaigwira ndi mtima wonse, kungoti munakhulupirira kwambiri.

Choncho ndimamasulira molingana ndi malo. Za pepala lanu ndinganene kuti dongosololi silinaganizire mmene zinthu zimakhalira kumudzi, kapena kuti laona zinthu mophweka. Za mtsikana wongofika kumene m'tauni, amene akupereka chikwama chake kwa mlendo padepoti kuti amusungire, tingati sanachangamuke, kapena sanadziwe kuti kunja kuno kuli anthu. Za munthu wongomva chilichonse, ndi wongokhulupirira zilizonse. Za mwana wofunsa funso limene akulu onse amaopa kufunsa, ndi wopanda chinyengo, wa mtima woyera. Za wodwala, sanayambepo mankhwala. Mawu akuti wopusa, chitsiru, mbuli ndi wogona asiyeni, onsewo apitirira muyeso. Ndipo onani kuti liwu lathu lakuti wochenjera nalo lili ndi nkhope ziwiri, wanzeru komanso kathyali ngati Kalulu wa m'nthano. N'chifukwa chake pa Mateyu 10:16 ophunzira akuuzidwa kukhala ochenjera monga njoka komanso oona mtima monga nkhunda, ziwirizo pamodzi.

Mukafuna kuligwiritsa ntchito nokha, limayenda m'njira zingapo zozolowereka. Amati “naive about money” ponena mbali imene munthu sanakhwime. Amati “it is naive to think that prices will stay the same” podzudzula ganizo popanda kuloza munthu, ndipo imeneyi ndiye njira yaulemu kwambiri mumsonkhano. Poyerekeza amati *more naive*. Podzinena wekha amati “it was naive of me” kapena “I naively assumed”, ndipo kumeneku ndi kuvomera kulakwa kofewa, chifukwa ukuvomera kuti unaphonya koma ukunenanso kuti mtima unali woyera. Pa chifukwa chomwecho, muzitchera khutu akuluakulu ogwidwa pa nkhani ya ndalama akamati “I was naive”. Nthawi zina ndi zoona, nthawi zina ndi njira yosinthira mlandu wa chinyengo kuti ukhale mlandu wa kusadziwa. Kwa munthu wamkulu kwa inu, kaya ndi abwana kaya ndi apongozi odziwa Chingerezi, musanene kuti “you are naive”, ngakhale mutakulunga ndi *a bit*. Kuchokera kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu, limamveka ngati mukumuphunzitsa kuyenda. Nenani kuti ganizolo ndi *optimistic* kapena *unrealistic*.

Abwana anu musawayankhe modziteteza, ndipo musapepese ngati mwapalamula. Alembereni mwachidule motere: “Thank you for the comment. Which assumptions do you think are unrealistic? I am revising the plan to allow for the lean season.” Kenako, musanakonze pepalalo, pitani mukakhale pansi ndi asungichuma a magulu awiri kapena atatu amene akhala akuyendetsa banki m'khonde kwa zaka zingapo. Apempheni akuonetseni makope awo, muone miyezi imene anthu amalephera kubweza, zifukwa zimene amapereka, ndi mmene gulu limachitira ndi wolephera popanda kumuthamangitsa. Mukabwerako, chepetsani ndalama yobweza kuyambira Disembala mpaka Malichi, muikweze pambuyo pa kukolola, ndipo muike padera kathumba ka zadzidzidzi ka maliro ndi matenda. M'mawu oyamba a pepala latsopanolo mutchule kuti manambalawo mwawatenga m'makope a magulu amene munawayendera, ndi masiku amene munapitako.